Malbec wa ku Mendoza wauma m'kamwa: kodi wawonongeka, nanga timumwere chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Alamu anga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi mabotolo awiri a vinyo wofiira wa ku Argentina. Papepala la botolo palembedwa kuti Malbec, Mendoza, 14.5%. Loyamba tinatsegula Lamlungu masana, tikudya chambo chokazinga ndi mpunga, kambuzi ali pambali. Kunena zoona sitinamukonde. Anali wowawa, ankawotcha pakhosi, ndipo m'kamwa munangouma gwa. Bambo a kunyumba akuti anawonongekera panjira. Alamu akuti ndi vinyo wabwino, anamugula modula. Botolo lachiwiri tikufuna kudzatsegula alendo akabwera mwezi wamawa. Kodi ndi wowonongeka? Ngati ayi, tidzaphike chiyani?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cholemba. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: malinga ndi mmene mwafotokozera, vinyoyo sanawonongeke, ndipo alamu anu akunena zoona. Vinyo wowonongeka amadziulula ndi fungo munthu asanamulawe n'komwe. Wina amanunkha chinyontho, fungo la katoni yonyowa, ndipo vuto limeneli limachokera ku chotsekera cha pabotolo. Wina amanunkha viniga, mtundu wake utasiya kufiira n'kuyamba kuoneka wabulauni. Amene wapsa ndi dzuwa panjira mumamuonera pa chotsekera chimene chatukukira kunja, kapena madontho amene anadontha n'kuumira pakhosi pa botolo. Inu simunatchule chilichonse mwa izi. Mwatchula kuwawa, kuwotcha ndi kuuma kwa m'kamwa, ndipo zitatu zimenezi ndi zomwe Malbec wabwinobwino amachita akamwedwa ali wotentha, masana a mu Okutobala, pamodzi ndi nsomba ndi tsabola. Yang'anani botolo lachiwirilo. Ngati chotsekera chili m'malo mwake ndipo pakhosi pali pouma, ligonekeni pamalo amdima ndi ozizira m'nyumbamo, kutali ndi khitchini ndi windo, mpaka tsiku la alendolo.

Kuti mumvetse chifukwa chake vinyoyu ali wamphamvu chonchi, tiyeni tione kaye kumene amachokera.

Mphesa za Malbec kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakumadzulo kwa France, makamaka dera la Cahors, kumene amazitchulanso kuti Côt. Zinafika ku Argentina cha m'ma 1853, pamene katswiri wa zaulimi wa ku France, Michel Aimé Pouget, anaitanidwa kukayendetsa sukulu ya zaulimi ku Mendoza. Amene analimbikira ganizo limeneli ndi Domingo Faustino Sarmiento, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo. N'chifukwa chake pa 17 Epulo chaka chilichonse anthu a ku Argentina amakumbukira tsiku la Malbec. Kwawo ku France mphesazi zinakumana ndi mavuto. Kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanasakaza minda kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenaka chisanu choopsa cha mu 1956 chinapha mitengo yambiri ku Bordeaux, ndipo alimi ambiri kumeneko sanafune kubzalanso Malbec. Koma ku Mendoza mphesazi zinapeza dziko lozikomera kuposa kwawo.

Mendoza ili m'munsi mwa mapiri a Andes, ndipo ndi chipululu. Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 200 pachaka, pamene kwanu ku Lilongweko imagwa yochuluka pafupifupi kanayi. Minda imadalira madzi osungunuka kuchokera ku chipale chofewa cha m'mapiri, amene amayenda m'ngalande. Luso la ngalandezi anthu a mtundu wa Huarpe anali nalo kale azungu a ku Spain asanafike. Mlimi wa kumeneko ndiye amasankha tsiku lopatsa mtengo madzi, ndipo akaumana pang'ono, mphesa zimakhala zazing'ono koma zodzaza ndi kukoma. Chimene amaopa kwambiri si chilala ayi, koma matalala, amene angathe kuwononga munda wonse m'kanthawi kochepa. Minda yambiri amaiphimba ndi maukonde pa chifukwa chimenechi.

Chinthu chachikulu kwa ife akumwa ndi kukwera kwa malowo. Minda ya ku Luján de Cuyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Ya ku chigwa cha Uco, cha ku Tupungato, imakwera mpaka kufika mamita 1,500 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo kumeneko ndi kumene Nicolás Catena Zapata anabzala munda wake wotchuka wa Adrianna mu 1992, anthu ambiri akuganiza kuti n'kozizira kwambiri moti mphesa sizingapse. Kumpoto, ku chigawo cha Salta, kuli munda wina umene uli pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Pamalo okwera chonchi dzuwa limaluma masana, usiku n'kuzizira kwambiri. Dzuwalo limachulukitsa shuga m'mphesa, ndipo shugayo ndi amene amasanduka mowa, mpaka kufika pa 14.5% imene mwaiona papepalapo. Dzuwa lomwelo limakhwimitsa khungu la mphesa, chifukwa chipatso chimadziteteza. Kuzizira kwa usiku kumasunga kuwawasa pang'ono kumene kumachititsa kuti vinyo asakhale wolemera mopanda moyo.

Khungu limeneli ndi limene linakuumitsani m'kamwa. Vinyo wofiira amafulidwa madzi a mphesa ali pamodzi ndi makungu ndi njere zake, ndipo m'menemo mumatuluka mtundu wofiirawo komanso chinthu chotchedwa tannin. Tannin mumamudziwa kale ngakhale dzina lake lili lachilendo. Mukaiwala masamba a tiyi wa ku Thyolo m'ketulo kwa nthawi yaitali n'kumwa wopanda mkaka ndi shuga, lilime limakhakhala, nkhama zimauma. Ndi tannin yemweyo. Amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovu n'kusiya kuterera. Mukathira mkaka m'tiyiyo kukhakhala kumachepa, chifukwa tannin wapeza china choti agwire. Kwa vinyo, ntchito ya mkakayo imagwiridwa ndi nyama ndi mafuta ake. Nkhani yonse ya chakudya choyenera Malbec yagona pamenepa.

Tsopano tibwerere ku Lamlungu lanu lija. Cholakwika choyamba, komanso chachikulu, chinali kutentha. Anthu ambiri anamva kuti vinyo wofiira salowa mufiriji, amamwedwa mmene nyumba ikutenthera. Malangizo amenewa anachokera ku Ulaya, m'nyumba zozizira za miyala. Vinyo ngati uyu amakoma ali pa madigiri 16 mpaka 18. Nyumba ya ku Lilongwe masana a mu Okutobala imatha kufika madigiri 30. Pakutentha kotero mowa umatuluka msanga m'tambula, umalasa m'mphuno, umawotcha pakhosi, ndipo fungo la zipatso limabisika. Choncho musaope firiji. Ikani botolo mmenemo kwa mphindi 30 mpaka 40 musanatsegule. Magetsi akazima, ndowa ya madzi ozizira ndi ayisi pang'ono imachita zomwezo m'mphindi 15. Pogwira botolo lizimveka lozizirira, osati lozizira ngati la chakumwa cha ana. Mukapitirira muyeso fungo limatsekeka ndipo tannin amamveka kwambiri, koma limenelo ndi vuto laling'ono, chifukwa kuno vinyo amafunda yekha m'tambula m'kanthawi kochepa. Pakati pa kuthira koyamba ndi kwachiwiri, bwezerani botolo m'madzi muja.

Chachiwiri chinali chambo. Chambo ndi nsomba yofewa, ya mnofu woyera, ya kukoma kofatsa. Ilibe mafuta ndi kulimba kokwanira kufewetsa tannin, ndiye vinyo amaikwirira, kukoma kwake osamvekanso. Kuwonjezera apo, vinyo wofiira akakumana ndi mafuta a nsomba nthawi zambiri m'kamwa mumatsala kakomedwe ka chitsulo ndi fungo la nsomba lopitirira. Ndi usipa kapena utaka wouma zimafika poipa kwambiri. Chambo chimafuna vinyo woyera wozizira bwino. Ku Argentina komweko kuli woyera wonunkhira maluwa wotchedwa Torrontés, wochokera makamaka ku Cafayate, koma Chenin blanc kapena Sauvignon blanc wa ku South Africa, amene savuta kupeza m'masitolo akuluakulu a m'tauni, angakuchitireni bwino lomwe.

Chachitatu, kambuzi. Ndimamukonda kambuzi, ndipo ndikudziwa kuti kuuza Mmalawi kuti amuchotse patebulo ndi nkhani yovuta. Koma mowa umakuza ukali wa tsabola, tsabola nayenso amakuza kuwawa kwa vinyo. Lilime likayaka ndi kambuzi, vinyo wa 14.5% amangowonjezera moto. Tsiku la alendolo muike pambali kuti ofuna adzithirire okha, koma awuzeni kuti ayambe alawa vinyo ndi nyama asanathire.

Nanga eni ake amamwera chiyani? Yankho ndi asado, phwando la nyama yowotcha limene mabanja a ku Argentina amakhala nalo makamaka Lamlungu. Chimene chimandisangalatsa pa asado ndi kuphweka kwake. Nyama ya ng'ombe amaithira mchere wa mibulu basi. Saiviika m'zokometsera, saipaka sosi wotsekemera. Moto amausonkha pambali ndi nkhuni kapena makala, n'kumakankhira makala oyaka okhaokha pansi pa waya. Lawi silikhudza nyama. Nthiti amazigoneka fupa lili pansi, n'kuzisiya maola awiri kapena kuposa, mafuta akusungunuka pang'onopang'ono, kenaka n'kutembenuza kamodzi kokha chakumapeto. Podikira amadya masoseji a chorizo ndi morcilla, tchizi chowotcha chotchedwa provoleta, ndi ma empanada, amene ku Mendoza amaikamo nyama, anyezi wambiri, dzira lowiritsa ndi olivi. Onani zimene zili m'mbale imeneyi: mchere, mafuta, mnofu wofiira ndi utsi. Mchere umachepetsa kuwawa, mafuta ndi mnofu zimagwira tannin, ndipo utsi umayenderana ndi fungo limene vinyo amatenga m'migolo ya mtengo wa oak. Vinyo naye amatsuka mafuta m'kamwa, nthuli yotsatira n'kukoma ngati yoyamba. Ziwirizi zinakulira limodzi, ndipo aliyense amene wamwa Malbec popanda chakudya chotere sanamumve bwinobwino.

Ubwino wake ndi wakuti zonsezi mungazichite pakhonde panu ndi mbaula ndi waya. Pitani kubutchala mukapemphe nthiti za ng'ombe zokhala ndi mafuta, aziduladula mopingasa. Musalole kuti akuchotsereni mafuta onse. Nyama yathu nthawi zambiri imakhala yolimbirako, chifukwa ng'ombe zathu zimayenda mitunda italiitali kufuna msipu, ndiye kufulumira ndiye mdani wanu. Makala akhale atayera phulusa pamwamba, waya akhale patali moti mungathe kuika dzanja pamwamba pake n'kuwerenga mpaka 7 kapena 8 musanalichotse. Ikafika poti fupa layamba kusiyana ndi mnofu, ichotseni, ipume mphindi 10 musanadule.

Ngati mungandifunse chimene ine ndingasankhe, ndinena mbuzi. Nyama ya mbuzi yowotcha ili ndi fungo lamphamvu limene vinyo wofatsa sangalimbane nalo, koma Malbec amalimbana nalo bwino, ndipo kutsekemera kwa zipatso kumene kuli mwa iye kumafewetsa fungo la mbuzilo. Izi si zachilendo kwa eni ake, pakuti kum'mwera kwa Mendoza, cha ku Malargüe, mwana wa mbuzi wowotcha ndi chakudya chimene amanyadira nacho. Mwendo kapena nthiti za mbuzi yaing'ono, mchere, adyo pang'ono, moto wofatsa, basi mwatha.

Pambali pa nyamayo konzani chimichurri, sosi wobiriwira amene sasowa pa asado. Dulani pasile wambiri tizidutswa ting'onoting'ono ndi mpeni, onjezani adyo wosinja, oregano wouma, mchere, tsabola wouma pang'ono chabe, viniga pang'ono, ndi mafuta a olivi kapena ophikira wamba okwanira kumiza zonsezo. Mukonze dzulo lake kuti zilowererane. Musachulutse viniga, chifukwa kuwawasa kukapitirira vinyo amamveka wosakoma, wopanda kanthu. Sosi ameneyu angathandizenso alendo amene akusowa kambuzi, poti kakuluma pang'ono kalimo.

Mwina simukufuna kuwotcha. Palibe vuto. Nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali ndi anyezi ndi tomato mpaka msuzi utagwira, mchira wa ng'ombe, kapena mang'ina ofewa bwino, zonsezi zimayenera Malbec. Mang'ina makamaka, chifukwa msuzi wake womata uja umakuta lilime, vinyo n'kubwera kudzalitsuka. Chiwindi chokazinga ndi anyezi chimagwirizana nayenso. Nkhuku yachikuda yophika mpaka msuzi utada ingathe, koma nkhuku yoyera yamsanga ija ndi yofooka kwa vinyoyu. Ndipo musavutike mtima ndi nsima. Anthu ena amaganiza kuti patebulo pakakhala vinyo ndiye kuti pafunika mpunga kapena pasta. Nsima ilibe mlandu ndi vinyo aliyense. Siwawa, sitsekemera, siwawasa. Chimene chimalamula ndi ndiwo. Ku Argentina komwe, polenta ya ufa wa chimanga ndi msuzi wa nyama ndi chakudya cha masiku onse m'nyengo yozizira, chobwera ndi anthu ochokera ku Italy, ndipo amamwera vinyo wofiira yemweyu.

Ngati pali mlendo wosadya nyama, mphikireni nyemba zofiira zokazingira bwino, zamsuzi wokhuthala, kapena mabilinganya owotcha pamakala opaka mafuta ndi adyo. Mvula ikadzagwa bowa n'kuyamba kuoneka m'misika, dzayeseni bowa wokazinga ndi anyezi, mudzandiuza. Masamba owawa monga mpiru ndi chisoso asiyeni tsiku limenelo, popeza kuwawa kwawo kumaphatikizana ndi kwa vinyo. Zotsekemera nazo, keke kapena zipatso zakupsa, zidikire mpaka matambula atatha. Shuga akalowa m'kamwa, vinyo wosatsekemera amamveka wowawasa ndi wowawa nthawi yomweyo.

Za kalawidwe, sindikufuna kukupatsani mwambo wautali wochititsa manyazi pamaso pa alendo. Mukatulutsa botolo mufiriji, tsegulani n'kukhuthulira vinyoyo mu jagi yagalasi yoyera bwino, yopanda fungo la sopo, theka la ola chakudya chisanafike. Mpweya umathandiza kuti fungo litseguke. Jagiyo ikhale pozizira. Thirani pang'ono m'tambula, osafika theka. Pendeketsani tambula pamwamba pa nsalu yoyera muone mtundu: Malbec wachichepere amakhala wofiira moderako kwambiri pakati, m'mphepete muli kamzere kowala kapepo. Zunguzani pang'ono, nunkhizani. Mudzamva zipatso zakuda zakupsa, monga mapulamu ndi mabulosi, nthawi zina kafungo ka maluwa, ndipo ngati anakhala m'migolo ya oak, kafungo ka vanila kapena koko. Wa ku Luján de Cuyo nthawi zambiri amakhala wonenepa ndi wofewa, wa ku Uco amakhala wowawasako ndi wonunkhira maluwa kwambiri. Onani papepala la kumbuyo kwa botolo, mwina alemba dera lake.

Kenaka chitani ichi, chimene ndikupempha kuti bambo a kunyumba achite nawo. Imwani pang'ono musanadye kanthu, muuzungulitse m'kamwa, mumve mmene nkhama zikuumira. Tafunani nthuli ya nyama yamafuta ndi yamchere. Imwaninso. Vinyo amene anali waukali uja adzamveka wosalala, zipatso zake zili poyera. Munthu akaona kusintha kumeneku ndi lilime lake, safunikanso kuuzidwa ndi wina chifukwa chake chakudya chili chofunika kwa vinyo.

Pali mawu awiri ena amene sindingawasiye. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula 5 kapena 6, ndipo pa 14.5% tambula imodzi ya vinyoyu ndi yamphamvu pafupifupi katatu poyerekeza ndi muyeso womwewo wa mowa wa m'botolo umene tinazolowera. Chifukwa chakuti akazizira bwino amatsetsereka mosavuta, munthu amatha kupitirira osadziwa. Ikani madzi akumwa patebulo, ndipo mlendo amene adzayendetse galimoto kapena mayi woyembekezera mumukonzere chakumwa china chabwino, asadzimve kuti wasiyidwa. Chinanso, pakhoza kupezeka mlendo wofuna kusakaniza ndi Coca-Cola. Musamuchititse manyazi. Ku Argentina komwe anthu amathira madzi a soda mu vinyo wamba wa patebulo kukatentha. Koma botolo limene alamu anu analinyamula ulendo wonsewo, mpempheni kuti ayambe walilawa lokha.

Vinyo akatsala, tsekani botolo n'kuliimika mufiriji. Amakhala bwino masiku 3 kapena 4. Akayamba kufooka, thirani kapu imodzi mumphika wa nyama ya ng'ombe mutatha kukazinga anyezi, musiye awire mpaka atachepa ndi theka, ndipo pamenepo onjezani tomato ndi madzi.

Alamu anu akadzafunsa choti abweretse ulendo wina, pali abale awiri a Malbec ochokera ku South America komweko amene mungatchule. Wina ndi Carménère wa ku Chile, mphesa ya ku Bordeaux imene alimi a ku Chile anakhala akuilima zaka zambiri akuiyesa mphesa ina yotchedwa Merlot, mpaka katswiri wa ku France Jean-Michel Boursiquot anaizindikira mu 1994. Ndi wofewa kuposa Malbec, ali ndi kafungo ka tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndipo amayenera nyemba, mabilinganya ndi nyama yamsuzi. Winayo ndi Tannat wa ku Uruguay, amene ali ndi tannin wochuluka kuposa Malbec wanu. Ameneyo mudzamuyese pokhapokha botolo lachiwirili likakukomerani, ndipo tsiku limenelo nthiti zidzakhale zonona.